Kuweta Mbozi za Silika: Mau kwa Mafumu ndi Alimi

 

Pa msonkhano wathu wapitawo mkulu wina anaimirira nandifunsa funso limene sindinaliyankha mokwanira, popeza dzuwa linali litapendeka. Anati mwana wace wamuuza kuti ku maiko a kum'mawa kuli anthu amene adya ndi kubvala cifukwa ca kuweta mbozi zodya masamba a mabulosi. Tsono popeza mabulosi ali kuseri kwa nyumba zathu zambiri, ongodyedwa ndi ana ndi mbalame, ife tilekeranji ndalama zoterezi? Funsoli ndi labwino, ndipo mwanayo sananame. Koma sindingaliyankhe ndi mau akuti inde kapena iai. Ndidzakufotokozerani umo icitikira nchitoyi kumene anthu akhalira iyo, ndiko ku Karnataka, cigawo ca kumwera kwa India, ndipo tidzawerenga pamodzi zolowa ndi zotuluka, monga acita munthu asanagule ng'ombe.

Poyamba ticidziwe ciwetoco. Mbozi ya silika si ya kuthengo ai. Anthu a ku China anayamba kuiweta zaka zoposa 4,000 zapitazo, ndipo yazolowera manja a munthu kotero kuti singathe kudzisunga yokha. Gulugufe wace ndi woyera, wolemera thupi, sauluka ndiponso sadya. Angoikira mazira 400 kapena 500, ang'ono ngati njere za mawere, nafa. M'mazira mutuluka timbozi takuda tonga nyerere. Mboziyo idya masiku 25 kapena kupitirirapo pang'ono, nifundula khungu kanai, nikula kufikira ilingana ndi cala ca munthu wamkulu. Pamenepo kulemera kwace kwaculuka pafupifupi nthawi 10,000. Tsono ileka kudya, nidzikulunga ndi ulusi woturuka m'kamwa mwace masiku awiri kapena atatu, nipanga cikwa. Ulusiwo ndi umodzi wosaduka, ndipo pa mitundu yabwino utalika kufikira kilomita imodzi. Ulusi umenewo ndiwo silika, ndipo cikwaco ndico mlimi agulitsa.

Tiyeni tsono ku masamba, pakuti nkhani yonse ya phindu iyambira pamenepo. Mlimi wa ku Karnataka sagula mazira powerenga limodzi limodzi. Awagula m'magulu, gulu limodzi ndiwo mazira a gulugufe mmodzi. Magulu 100 ndiwo mbozi 40,000 kapena 50,000, ndipo zikaleredwa bwino zipatsa makilogramu 60 kapena 70 a zikwa. Koma kilogramu imodzi ya zikwa idya masamba olemera makilogramu 15 kufikira 20. Werengani nokha. Makilogramu 60 a zikwa afuna masamba ngati makilogramu 1,000, ndiko kulemera kwa matumba 20 a cimanga. Mtengo uja wa kuseri kwa nyumba yanu, ngakhale muupulule wonse osasiyako tsamba, sufikapo ngakhale pang'ono.

Ndipo cobvuta ceniceni si kuculuka kokha, koma nthawi yace. Masabata awiri oyamba timbozito tidya pang'ono, kotero kuti mwana angathe kutithyolera masamba popita ku sukulu, ndipo munthu anyengeka nati nchitoyi ndi yopepuka. Koma zikafundula kacinai, njala yao isanduka ina. Magawo anai a magawo asanu a masamba onse adyedwa m'sabata lotsiriza lokha. Ndiko kunena kuti banja lija la magulu 100 liyenera kudula, kusenza ndi kuyala masamba oposa makilogramu 100 tsiku liri lonse, kwa masiku 7 kapena 8, mvula kaya dzuwa, maliro kaya ukwati. Olowa m'nyumba ya mbozi masiku amenewo amva kudya kwao ngati mvula yowaza pa denga la udzu. Masamba akatha patatsala masiku atatu, mbozi sizidikira monga icita mbuzi ya m'khola. Zipanga zikwa zopyapyala zopanda mtengo, kapena sizipanga konse, ndipo nchito ya mwezi wathunthu yapita pacabe. Cifukwa cace mlimi wocenjera ayang'ana munda wace poyamba, nayesa masamba alimo, ndipo pokhapo aitanitsa mazira olingana nao. Wopusa ayamba ndi mazira.

Munda wa mabulosi wa kumeneko sufanana ndi mitengo yathu ya zipatso. Abzala timitengo todula, monga ticita ndi cinangwa, m'mizere yoyandikana, ndipo salola kuti ikule msinkhu. Aidulira pansi kawirikawiri kuti ibale nthambi zanthete. Kudula koyamba kudza patapita miyezi 6 kapena kupitirira, ndipo munda wosamalidwa ukhala zaka 15. Pali mtundu wina, dzina lace V1, umene anautulutsa akatswiri a ku Mysuru m'zaka za m'ma 1990. Umenewu, ukathiriridwa ndi kupatsidwa manyowa ndi feteleza wokwanira, upatsa masamba ofika matani 60 pa hekitala pa caka, odulidwa kasanu. Koma munda wodalira mvula yokha upatsa gawo limodzi la magawo anai la zimenezo, kapena kuceperapo, ndipo m'cilimwe uima. Apa mpamene pabisala mtengo waukulu wa nchitoyi, ndiwo madzi. M'maboma a Kolar ndi Chikkaballapur, kumene alimi a silika aculuka ndipo mvula icepa, anthu akumba mijigo yakuya mamita oposa 300 kuti athirire mabulosi, ndipo ambiri alowa m'ngongole cifukwa ca mijigo imene inauma. Owerenga bwino apeza kuti kulima masamba kudya theka la ndalama zonse zotayidwa pa zikwa, kapena kuposa theka. Woweta mbozi ndi mlimi wa masamba poyamba. Mbozi ingokhala njira yosandutsira masambawo ndalama.

Inu mafumu, mau awa ndi anu makamaka, pakuti malo okhala ndi madzi caka conse m'midzi mwanu muwadziwa, ndipo ndi ocepa. Ndi madimba omwewo amene apatsa mondokwa, nyemba ndi ndiwo zamasamba m'miyezi ya njala. Munthu akadza kudzapempha dimba kuti abzalemo mabulosi, dziwani kuti apempha malo a cakudya, ndipo awapempha kwa zaka zambiri.

Cotsatira ndi nyumba. Mbozi sizigona ndi anthu, kapena m'nyumba yophikira, pakuti utsi uzidwalitsa. Zifuna nyumba yaoyao, yopita mphepo, yozizira, imene kutentha kwace kukhala pakati pa madigiri 24 ndi 28; zazing'ono zikonda kufunda ndi cinyezi, zazikulu zikonda mpweya wouma ndi wozizirako. Dzuwa la mwezi wa October pansi pa malata lizipha. M'katimo amanga mathandala osanjikizana, ndipo mbozi za magulu 100 zikakula zifuna malo oyalapo mphasa 20 ndi kupitirira. Miyendo ya mathandala iima m'tizibale ta madzi kuletsa nyerere. Mazenera akhala ndi ukonde kuletsa nchenche. Ziboo zonse zitsekedwa cifukwa ca makoswe ndi abuluzi. Ku Karnataka kunafika nchenche ina, dzina lace uzi, m'caka ca 1980, imene iikira mazira pa thupi la mbozi, ndipo mphutsi zace zidya mboziyo m'kati. Kuyambira pamenepo ukonde suli cinthu ca mwanaalirenji ai. Pafunikanso zoyalapo mbozi zikafuna kupanga zikwa. Kumeneko aluka cinthu ca nsungwi conga mphasa youma, nasokerapo lamba wa nsungwi wozungulira ngati nkhata; dzina lace chandrike. Zonsezi ndi mpamba wotayidwa mlimi asanaone khobidi limodzi. Za anthu ogwira nchito ndanena kale. Ndingoonjeza kuti oposa theka la iwo ndi akazi, ndipo mwamuna amene awerenga phindu lace osawerengako masiku a mkazi wace ndi ana ace adzinamiza yekha.

Tsono za mbeu ndi nthenda. Pano ndikukumbutsani za dziko la France, kuti muone kuti tsoka limeneli siligwera osaphunzira okha. M'caka ca 1853 alimi a ku France anakolola matani 26,000 a zikwa. Pofika 1865 anakolola matani 4,000 okha. Cinawaononga ndi nthenda ya pebrine, imene iika timadontho takuda pa mbozi ngati tsabola wosinja, ndipo coipa cace ndi cakuti icoka kwa make kulowa m'dzira. Munthu anali kugula mazira ooneka bwino, osadziwa kuti wagula imfa. Boma linatuma Louis Pasteur ku mudzi wa Alès m'caka comweco ca 1865, ndipo iye anapeza njira imene igwira nchito kufikira lero: gulugufe wamkazi ali yense aikira mazira ace payekha, atatha kuikira, amsinja, nayang'ana madzi a m'thupi mwace pa galasi lokuza zinthu, akapezamo tizilombo, mazira ace onse atenthedwa. Ndico cifukwa mazira agulitsidwa m'magulu monga ndinanena paja. Ndipo ndico cifukwa mlimi wa silika sasunga mbeu yace monga musunga cimanga pa tsindwi. Ulendo uli wonse ayenera kugula mazira oyesedwa kwa eni nchito imeneyo. Mau awa muwasunge: mlimi wa cimanga ca makolo angathe kukhala payekha, koma woweta mbozi amangidwa kwa wogulitsa mazira masiku onse.

Ku India apitirira apo. Poona kuti timbozi tating'ono ndito tibvuta kulera, anakhazikitsa nyumba za chawki, kumene anthu ozolowera alera timbozito sabata loyamba ndi masiku pang'ono, kufikira tifundula kaciwiri, nagulitsa kwa alimi titalimba. Mlimi alipirapo, koma nyumba yace ipumula masiku ambiri, ndipo imfa icepa. Nthenda zina ziripo, ya nkhungu youmitsa mbozi ngati coko, ndi zina zoziphulitsa madzi onunkha, ndipo zonsezi mankhwala ocizira palibe. Kulewa ndiko kokha: kutsuka nyumba ndi ziwiya zonse ndi mankhwala opha tizilombo mbozi zisanalowe, kuwaza laimu pa mathandala, kusamba m'manja, ndi kukwirira kutali zakufa.

Pali cinthu cimodzi cimene cikhudza ife kuno koposa anthu a ku Karnataka, ndipo ine ndinaciphunzira ndi manyazi. Pamene ndinali kuphunzira nchito yanga, anandipatsa mbozi ngati 200 m'licero kuti ndizilere. Zinakula bwino, ndipo ndinayamba kudzitama. Zitafundula kacinai masamba anandithera, monga ndakuuzani kuti atha, ndipo ndinakathyola ena pa mtengo wa m'mphepete mwa munda wa fodya. M'mawa mwace ndinapeza mbozi zitatukula mitu, zikunjenjemera ndi kusanza madzi obiriwira, ndipo pofika madzulo zambiri zinali zitafa. Sindinathire kanthu pa masambawo. Ululu wa fodya uyenda ndi mphepo nukhala pa masamba a mabulosi oyandikana nao, ndipo ngakhale manja a munthu wosankha fodya kapena wofwenkha angathe kuzipha. Comweconso mankhwala opopera thonje, opopera m'nyumba kupha udzudzu, ndi utsi wa zofukiza udzudzu. Tsono yang'anani mudzi wanu, muwerenge minda ya fodya ndi zigafa, ndipo mudzifunse kumene mungaike mabulosi kutali ndi zonsezo.

Kuti muone umo nthenda idyera phindu, tiyerekeze motere. Ziwerengero izi ndi zongoyerekeza, kuti nzeru yace ioneke. Munthu wakolola makilogramu 60. Tinene kuti mtengo wa makilogramu 40 ubwezera zimene anataya pa madzi, manyowa, mazira, mankhwala, aganyu ndi ulendo wa kumsika. Phindu lace ndi makilogramu 20. Ulendo wotsatira nthenda yalowa m'sabata lotsiriza, nipha gawo limodzi la magawo atatu. Zotayidwa sizinacepe, pakuti mbozizo zinafa zitadya kale. Wakolola 40, ndipo phindu lace palibe. Sanataya gawo limodzi la magawo atatu la phindu, wataya lonse.

Ndafika tsono pa mutu weniweni wa mau anga, ndiwo msika. Cimanga mucisunga m'nkhokwe kufikira mtengo ukwera. Thonje lidikira, mtedza udikira, ngakhale fodya wouma adikira. Cikwa sicidikira. M'kati mwace muli camoyo cimene cisandulika gulugufe, ndipo patapita masiku 10 kufikira 14 ciyambire kupanga cikwa, gulugufeyo anyowetsa nsonga yace, naboola, naturuka. Pamenepo ulusi uja wa kilomita imodzi sungasololedwenso, ndipo mtengo wace wagwa. Mlimi acotsa zikwa pa chandrike tsiku lacisanu kufikira lacisanu ndi citatu, monga mwa mtundu wace. Cotero masiku omtsalira kuti apeze wogula ndi owerengeka pa dzanja limodzi. Kulipo kupha camoyoco ndi nthunzi kapena mpweya wotentha ndi kuumitsa zikwa kuti zikhale miyezi, koma kufuna zipangizo ndi luso, ndipo zikwa zouma zitaya kuposa theka la kulemera kwao. Munthu wogwira katundu woola m'manja, amene sangamdye, ndipo wogula ali mmodzi yekha, salamula mtengo; alandira cimene apatsidwa.

Nanga a ku Karnataka apulumuka bwanji? Pa mseu wocoka ku Bengaluru kunka ku Mysuru, makilomita ngati 50, pali mzinda wa Ramanagara, ndipo m'menemo muli msika wa zikwa wa boma, umodzi wa misika yaikulu ya mtundu umenewu m'Asia monse. Alimi ayenda usiku pa mabasi ndi magalimoto, nafika m'mamawa, nayala zikwa zao poyera. Ogula ndiwo osolola ulusi, anthu ambirimbiri okhala m'mzinda momwemo, ali yense ndi ciphaso cace. Ayenda, nagwira zikwa, nazigwedeza pa khutu, napikisana mtengo monga acita ogula fodya ku okushoni. Zikwa ziyesedwa pa sikelo ya boma, ndipo mlimi alandira ndalama zace osacedwa. Matani makumi angapo apita pamenepo tsiku limodzi. Misika ina yotere iri ku Sidlaghatta ndi m'mizinda ina. Kuseri kwa osolola ulusi kuli opota, onyika utoto ndi oomba nsalu, ndipo kuseri kwa onsewo kuli akazi a ku India mamiliyoni amene afuna nsalu ya silika pa ukwati ndi pa madyerero. India ndi dziko laciwiri pa kupanga silika, lotsata China, koma ulusi wace suwakwanira eni ace, nagulanso wina kunja.

Pamenepo mpamene paoneka ubwino weniweni wa nchitoyi, ndipo sindiubisa. Mlimi wogawa munda wace pawiri, nadula mbali iyi mwezi uno, mbali inayo mwezi wamawa, angathe kugulitsa zikwa kakhumi pa caka. Munthu wa ekala imodzi kapena awiri alandira ndalama pafupifupi mwezi ndi mwezi ngati wa pa nchito ya malipiro, pamene wa fodya alandira kamodzi, nakhala miyezi 11 akukongola. Ici ndico cikoka alimi ang'ono, osati kukwera kwa mtengo kokha. Koma zindikirani kuti zonsezi sizinamera usiku umodzi. Tipu Sultan, wolamula dziko la Mysore, ndiye analimbikitsa nchitoyi m'zaka za m'ma 1780. Bungwe la boma loyang'anira silika, Central Silk Board, linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1948. Nyumba zoyesa mazira, za chawki, misika, alangizi ndi osolola ulusi zaunjikana pang'onopang'ono zaka zoposa 200. Munthu wobwera ndi mazira m'thumba sanabwere nazo zimenezi.

Musanyengedwenso ndi mtengo wa nsalu ya silika m'sitolo. Pafunika makilogramu 6 kufikira 8 a zikwa kuti paturuke kilogramu imodzi ya ulusi, kotero kuti makilogramu 60 aja apatsa ulusi wosapitirira makilogramu 10. Pa mtengo wa nsalu adyapo wosolola, wopota, wonyika, woomba ndi wa sitolo. Mlimi ali kumayambiriro kwa mzerewo, ndipo gawo lace ndi la zikwa basi. Paja akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngakhale kumene msika ulipo, mtengo ugwa pa zifukwa zimene mlimi sangazione ali m'munda. M'caka ca 2011 boma la India linatsitsa msonkho wa ulusi wocokera kunja kucoka pa 30 kufika pa 5 mwa 100 ali onse. Ulusi wa ku China unalowa motsika mtengo, zikwa zinagwa mtengo, ndipo alimi ena anazula mabulosi ao. M'caka ca 2020, pamene mliri wa Covid unatseka miseu ndi maukwati, osolola ulusi analeka kugula, koma mbozi za m'nyumba sizinaleke kupanga zikwa, ndipo alimi anagulitsa pa mtengo wosabweza zotayidwa.

Koma citsanzo cacikulu ndi ca Japan. M'caka ca 1929 mabanja oposa 2 miliyoni a m'dzikomo anali kuweta mbozi, ndiwo pafupifupi mabanja anai mwa mabanja khumi ali onse a alimi. Ulusi wao wogulitsidwa kunja unali kupita pafupifupi wonse ku America, kumene anali kuombera masokosi a akazi. Cuma ca America citagwa kumapeto kwa 1929, mtengo wa zikwa m'caka ca 1930 unatsika pafupifupi ndi theka. Midzi ya m'cigawo ca Nagano, imene inasandutsa minda yambiri kukhala ya mabulosi, inagwa m'ngongole ndi njala, ndipo m'zaka zotsatira cigawo cimeneco ndico cinatumiza anthu ambiri koposa zinzace kukakhala ku Manchuria. Pambuyo pace, m'caka ca 1940, masokosi a nailoni anafika m'masitolo a ku America, ndipo msika uja sunabwererenso. Pofika 2022 mabanja oweta mbozi m'Japan yense anali osakwana 200. Anthu amenewo anali akatswiri oposa onse pa dziko. Sanalakwe kanthu pa kulera mbozi. Anangodalira wogula mmodzi wa kutsidya la nyanja.

Ndisanatsirize ndinene za mbozi ina, pakuti wina adzaimva nadzandifunsa. Ku Assam ndi ku Meghalaya, kumpoto ca kum'mawa kwa India, akazi aweta mbozi ya eri, imene sidya mabulosi koma masamba a nsatsi, ndipo ilandiranso a cinangwa. Ku Ethiopia alimi ena aiwetanso. Ndi yolimba kuposa inzace. Cikwa cace ciri cotseguka ku nsonga imodzi, cotero acotsa camoyoco osaononga kanthu, ndipo cikwa copanda kanthu m'kati cisungika ngati thonje. Ulusi wace susololedwa koma upotedwa, monga anali kupota thonje agogo athu. Camoyo ca m'katico ndi ndiwo, aciphika ndi kucigulitsa pa msika, ndipo kwa mabanja ena ndalama za ndiwozo ziposa za cikwa. Ife odya mphalabungu ndi matondo sitingadabwe nazo. Mwa kuona kwanga, mbozi yotere ilingana ndi banja laling'ono la kutali ndi msika kuposa ya mabulosi, popeza katundu wace adikira ndipo gawo lina lilowa mumphika. Koma ndalama zace ndi zocepa, zogulira mcere ndi sopo, ndipo wopulula cinangwa cace mopitirira adzapeza mizu yaing'ono ndi cigwada cosowa.

Tsono munthu akafika m'mudzi mwanu, kaya wa kampani, kaya wa bungwe, ndi mau akuti bzalani mabulosi ndipo ife tidzagula, mlandireni mwaulemu, mumpatse mpando, ndipo mumfunse pamaso pa anthu. Makina osololera ulusi ali kuti, ndipo kodi tingatume awiri a ife akawaone akugwira nchito? Wagula kale zikwa kwa alimi ati, kuti tikaceze nao? Mazira acokera kuti, ayesedwa ndi yani, ndipo adzafika mwezi uli wonse kapena kamodzi kokha? Zikwa zikapsa adzazitenga pasanathe masiku angati, ndipo galimoto ikapanda kufika m'nyengo ya matope, wotaya ndani? Mtengo ndi wotani pa kilogramu, wa zikwa zaziwisi kapena zouma, ndipo asankha magiredi ndani? Kodi mau amenewa adzawalemba pa pepala? Woona mtima sakwiya ndi mafunso otere. Ndipo funsani ici potsiriza: nchito yace ya m'dera lino ndi ya zaka zingati? Pakuti mabulosi akhala zaka 15, ndipo mabungwe ambiri akhala zaka zitatu.

Ngati mayankho akukhutitsani, musazule cimanga, ndipo musakongole ndalama za nyumba caka coyamba. Bzalani mabulosi m'malire a dimba ndi m'mizere yochinga madzi, kumene sadzalanda malo a cakudya; mbozi zikalephereka, masambawo ndi cakudya cabwino ca mbuzi, ng'ombe ndi akalulu, ndipo simunataya kanthu. Mitengo ikakula, mabanja awiri kapena atatu ayese ndi magulu awiri okha a mazira, ndizo mbozi zosapitirira 1,000, zofuna masamba ngati makilogramu 25 ndi kupatsa zikwa zoposa pang'ono kilogramu imodzi. Mwana wa sukulu akhale ndi buku, alembe tsiku ndi tsiku kulemera kwa masamba, nthawi imene anthu anagwira nchito, ciwerengero ca mbozi zakufa, kulemera kwa zikwa, ndalama za ulendo, ndi zimene wogula analipira m'manja. Mucite comweco kamodzi m'dzinja, kamodzi m'nyengo ya cisanu, ndi kamodzi m'cilimwe dzuwa litakula, pakuti mbozi zimene zikondwa mu April zingathe kufa mu October. Bukulo mudze nalo kwa ine, ndipo tidzaliwerenga pamodzi pa bwalo lino, tiri ndi buku la fodya ndi la mtedza pambali pace.

Amene ali ndi funso aimirire tsopano, tiyambe ndi mafumu.